Dothi la m'Chitini cha Mkaka

Amuna anga anaikidwa ku Joni. Ine maliro awo ndinawaonera pa foni ya alamu anga, akulu awo a malemu, nditakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, anthu atapanikizana kumbuyo kwanga kuti nawonso aoneko. Chithunzi chinkangoimaima, poti netiweki kwathu kuno ku Liwaladzi imabwera ikafuna. Ndinaona bokosi, ndinaona amuna ochepa atavala majekete, ndinaona dothi lofiira. Kenako bandulo inatha.

Anapita kumeneko kukagwira ntchito yomanga nyumba za anthu. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira, ndipo pamene anzawo ankawatengera kuchipatala n'kuti zitafika kale poipa. Anzawowo anasonkha ndithu kuti thupi libwere, koma zimene anasonkhazo sizinayandikire n'komwe zimene a galimoto ya maliro ankafuna. Ifenso kuno tinalephera. Tinavomera kuti awaike komweko.

Kwawo kwa amuna anga, kumene ndinakwatiwa ndi kukhala, munthu akaikidwa kutali maliro ake satha. Anthu amalira n'kubalalika, koma sameta, katundu wa malemu samukhudza, ndipo mkazi wamasiye samusudzula. Amadikira kuti pabwere dothi la pamanda ake, ngakhale lodzaza dzanja limodzi. Dothilo amalikulunga m'nsalu yoyera, amakumba kadzenje kumanda a makolo, n'kuliika monga mmene amaikira munthu. Akatero amati wafika kwawo. Ansembe athu mwambowu amaudziwa ndipo saletsa. Amabwera ndi buku lawo n'kupemphera pomwepo.

Apongozi anga, mayi awo a malemu, anasiya kudya bwino kuyambira tsiku la foni lija. Ankakhala pakhonde atayang'ana kumsewu. Munthu akabwera kudzawapepesa ankangomuyankha kuti, "Mwana wanga akadali panjira." Ndikawapititsira kondowole ankatsina kamodzi n'kukankha mbale.

Ku Joni kunali mnzawo wa amuna anga amene ankagona naye chipinda chimodzi, munthu wa ku Mwadzama. Sitinaonanepo, koma pa foni ndinkamuti achimwene, iye n'kumanditi achemwali. Ndiye analonjeza kuti dothilo atumiza pamodzi ndi zovala za malemu. Anapitadi kumanda Lamulungu lina n'kukatapa. Atatero anandiimbira, mawu ake atatopa.

"Achemwali, a mathiraki andikana. Ndinalakwitsa, ndinawauza zoona. Wina wati, dothi la kumanda m'galimoto mwanga? Ukufuna ndikagubuduzike pa Tete? Winayo ndiye wandithamangitsa ngati ndanyamula njoka m'thumba."

"Ndiye titani, achimwene?"

"Ndapita ku kampani yonyamula katundu pa ndege. Nawonso dothi salola, ndafunsa mozungulira. Ndiye ndathira m'chitini cha mkaka wa ufa, ndamata ndi tepi bwinobwino, ndachikulunga m'zovala. Pa pepala ndalemba kuti ndi mkaka. Ndalipira zonse mpaka kwanu, inu musatulutse kalikonse. Koma mumve, aliyense akafunsa, ndi mkaka."

Ndinamuthokoza ndikulira. Ndinauza apongozi kuti mwana wawo wanyamuka. Tsiku limenelo anadyako pang'ono.

Patapita masiku, ndili kuyanika chinangwa pathandala, foni yanga inalira. Anali mawu a mtsikana, aulemu kwambiri. Ananditchula dzina n'kunena kuti ndili ndi katundu wochokera kunja, ali ku Lilongwe, ndipo pakufunika ndalama kuti amuombole kwa a kasitomu. Ndinadula. Kuno tonse tinapusitsidwapo kapena tikudziwa wina amene anapusitsidwa ndi anthu oimba foni, aja amati mwawina, kapena mwana wanu wagundidwa ndi galimoto, tumizani ndalama pa nambala iyi. Komanso achimwene a ku Joni anali atanena kuti zonse zalipiridwa.

Mawa lake anaimbanso, alamu anga ali pomwepo akusoka ukonde. Ndinawauza. Anataya singano n'kulanda foni.

"Amenewa ndi akaidi, amaimba ali m'ndende. Amva kuti pano pagwa maliro." Anakweza mawu kuti onse amve. "Iwe! Uli selo nambala chani? Nyemba zapsa kumeneko? Ukadye kaye nyemba, ukakhuta uziimbira amako."

Anthu amene analipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nanenso ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni amuna anga. Mtsikana uja anaimbanso kangapo masiku otsatira, ine osayankha. Anatumiza ndi mauthenga a m'Chingerezi, amene sindinavutike n'kupeza wondiwerengera. Kenako analeka.

Masabata anadutsa, katoni osafika. Apongozi anayambanso kukankha mbale. Ndinaimbira achimwene a ku Joni kuwafunsa ngati ndegeyo inanyamukadi. Anati adikire, akafunsa ku ofesi kumene anatumizira. Madzulo ake anandiimbira akupuma mothamanga.

"Achemwali, katundu anafika kalekale ku Lilongwe. Akuti akhala akukuimbirani inu osayankha. Akutinso pali bambo wina anawatukwana."

Ndinapita pa golosale ya kumsewu, kumene netiweki imagwirako, ndinagula mayunitsi n'kuimba nambala ija. Anayankha mtsikana yemwe uja. Ndinapepesa. Iye sanakwiye, anangoti zimachitika kawirikawiri kwa anthu a kumudzi. Kenako anayamba kundifotokozera, ine nditatsamira khoma la golosale.

Anati msonkho wa boma ulipo koma ndi wochepa, poti zambiri ndi zovala zakale. Pamwamba pake pali ndalama ya kampani yawo, yoyendetsera mapepala kwa a kasitomu. Popeza m'katonimo muli mkaka, ndipo chakudya sichilowa m'dziko osachiona akuluakulu ena, palinso ndalama ina yokonzera zimenezo. Ndiyeno pali ndalama yosungira, imene inayamba kuwerengedwa atatha masiku aulere, ndipo imakwera tsiku lililonse. Atazisonkhanitsa zonse anatchula ndalama imene sindinaigwirepo m'manja nthawi imodzi.

"Koma amene anatumiza aja analipira zonse," ndinatero.

"Analipira ulendo, mayi. Kulowa m'dziko ndi nkhani ina."

"Msonkho ndamva, ndi wa boma. Nanga inayi ndi ya ndani?"

"Ndi yathu. Timakuimirirani kwa a kasitomu."

"Anakutumani ndani kuti mundiimirire? Ine miyendo ndili nayo, ndikanabwera kudzaima ndekha."

"Ndi mmene zimakhalira, mayi. Katundu akabwera kudzera kwa ife, mapepala timayendetsa ndife." Kenako ananena mawu amene anandilanda tulo. Anati katundu akakhalitsa osaomboledwa amachoka m'manja mwawo n'kupita ku nyumba ya boma yosungira zinthu zosiyidwa. Kumeneko zogulitsika amagulitsa, zakudya amawotcha. Anati ine ndatsala ndi mpaka kutha kwa mwezi umenewo.

Mawu anafika pakamwa penipeni kuti, mwanawe, mulibe mkaka mmenemo, muli amuna anga. Ndikanatero mwina ndalama ya mkakayo ikanachoka. Koma ndinakumbukira zimene achimwene ananena, ndinatseka pakamwa. Nditawaimbira anandilumbiritsanso. Anati ndikangotchula dothi, chitinicho achitaya tsiku lomwelo. Ndinawafunsa ngati angathandizeko. Anati ntchito imene ankagwira ndi amuna anga inatha, ndipo ndalama yomwe anali nayo ndi ija anapereka pa ndege. Sindinawafunsenso.

Kunyumba ndinaitana alamu n'kuwauza kuti akaidi aja sanali akaidi. Ndinkayesa achita manyazi. Anachitadi manyazi, koma manyaziwo anawasandutsa mkwiyo.

"Katundu wolipiridwa kale alipiridwenso? Zinayamba liti zimenezo? Mlamu, kapena mwapangana ndi mnyamata wa ku Joniyo. Mwina m'katonimo muli mafoni ndi ndalama za mng'ono wanga, mukufuna ife tiombole inu mudye."

"Tiyeni limodzi, alamu, mukatsegule ndi manja anu."

"Ine ndikwere minibasi kukapepesa kamtsikana?"

Abale anasonkhako ndithu, sindingawanamizire. Koma inali nyengo ya mwera, ngalawa zinali pamtunda, usipa kunalibe, ndipo aliyense anali atapereka kale pa maliro. Zimene zinasonkhedwa zinangokwanira msonkho wa boma uja ndi kangachepe.

M'nyumba mwanga munali malata. Amuna anga ankatumiza pang'onopang'ono, ine n'kumagula awiriawiri ku boma n'kumawaimika kuchipinda, kuti akadzabwera tidzafolere nyumba. Akanagulitsidwa akanakwanira. Koma malatawo anali katundu wa malemu, ndipo katundu wa malemu sakhudzidwa dothi lisanabwere. Nditangotchula, alamu anaimirira.

"Mng'ono wanga sanafike n'komwe, inu mwayamba kale kugulitsa zake?"

Choncho dothi linkadikira ndalama, ndalama inali m'malata, malata ankadikira dothi. Ndinkagona m'chipinda chomwecho, malatawo ali pambali pangapa, mphepo ikalowa pazenera n'kumalira pang'ono.

Ndinayamba ndi zanga. Ndinagulitsa mpunga umene ndinasunga wa mbewu, wa dambo langa la chaka chimenecho. Amayi amene anagula anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga mudzawokera chiyani?" Ndinati ndidzaona. Ndinagulitsa chinangwa chili m'munda, chosakhwima bwino, kwa munthu wa ku Chia amene anadziwa kuti ndapanikizika ndipo sanandichitire chisoni pa mtengo. Ndinagulitsa nkhuku, ndi chitenje changa chatsopano chimene ndinali ndisanachivale. Ndinkati ndikasonkhanitsa, ndipite kugolosale ndiimbe. Mtsikana uja ankati, "Mayi, imeneyo inali ya sabata yatha." Ndalama yosungira inali itakweranso. Ine ndikagona iyo inkayenda. Ndinayamba kudana ndi kutuluka kwa dzuwa, poti ndinkadziwa kuti kwawonjezera.

Tsiku lina ndinamupempha kuti aimitseko kuwerengako, poti cholakwa chinali chosadziwa. Anati afunsa abwana ake. Anafunsadi, n'kundiimbira yekha ndi mayunitsi a kampani. Anati abwana akana, makina ndi amene amawerenga, munthu sangabweze. Ndinamufunsa ngati makinawo anaikidwapo ndi munthu. Anaseka pang'ono, osati mondinyoza, n'kunena kuti, "Mayi, yesetsani mubwere mwezi usanathe."

Nditabwerera kunyumba tsiku limenelo ndinakhala pansi pakhonde la apongozi. Mwezi unali utapita kumapeto. Iwo anali ataonda, mikanda ya m'khosi ikulendewera. Anandifunsa kuti zatsala bwanji. Ndinawauza zonse, ndi za kuwotcha zomwe, zimene ndinkawabisira. Anayang'ana zala zawo, kenako anandifunsa.

"Malata aja anagula ndani?"

"Ndi iwowo, amayi."

"Ndiye adziombole yekha. Katulutseni."

"Alamu akana."

"Alamu anuwo ndinabereka ndine. Katulutseni masana ano, aliyense aone."

Tinawatulutsa dzuwa lili pamutu. Alamu anabwera akuthamanga kuchokera kunyanja, koma atapeza mayi awo ataima pakhomo atagwira ndodo yawo, anangoima chapatali n'kumalankhula okha. Malatawo anagula bambo wina wachisilamu wa sitolo pa msika wathu. Anandipepesa, anati Mulungu awapatse malemu malo abwino, kenako anayang'ana lata lililonse ngati lili ndi dzimbiri n'kudula mtengo. Sindinakangane nawo. Mawa lake m'mawa ndinamanga ndalama zonse m'kansalu m'chiuno, ndinatenga chiphaso changa cha unzika, n'kukwera minibasi ya ku Salima.

Ku Lilongwe ndinali nditapitako kamodzi kokha, ndili mtsikana. Ndinafunsa njira kwa anthu ambiri mpaka ndinafika ku ofesi ya kampaniyo, kufupi ndi bwalo la ndege. Munali mozizira ngati m'mtsuko. Ndinadzimva fungo la utsi ndi la nsomba za m'minibasi. Mtsikana wa pa foni uja anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wofanana ndi mwana wanga woyamba. Nditatchula dzina anakweza maso.

"Ndinu mayi a ku Nkhotakota aja? Nanga bambo a nyemba aja ali bwanji?"

"Ali bwino, akupereka moni," ndinatero. Mnzake wa pambali anabisa nkhope m'manja.

Ndinamasula kansalu. Anawerenga, anabwereza, n'kunena kuti yakwana. Yotsala inali yongokwerera pobwerera. Anandipatsa lisiti. Ndinkayesa tsopano andipatsa katoni ndizipita, koma anati ayi, chifukwa cha mkaka uja katunduyo ayenera kutsegulidwa pamaso pa akuluakulu oona zakudya ndi zomera. Mwini wake safunika kukhalapo, koma poti ndabwera ndikhoza kupita nawo. Anandipereka kwa bambo wina wa kampani yomweyo wovala chovala chowala, amene anandilondolera ku chinyumba chachikulu cha malata chodzaza makatoni mpaka kudenga.

Katoni yanga inali yaing'ono kuposa zonse zimene ndinaona mmenemo. Anaiika pa tebulo lachitsulo. Panabwera anthu awiri a boma, mayi wina wa msinkhu wanga ndi mwamuna wonyamula pepala. Mayiyo anadula tepi ndi kampeni. Choyamba kutuluka chinali jekete la amuna anga, lija anavala tsiku lonyamuka. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Anatulutsa mathalauza, malaya, bulangete, jombo za kuntchito zili m'pepala la pulasitiki. Kenako chitini.

Anachinyamula n'kuchiyesa kulemera m'dzanja. Anachigwedeza pafupi ndi khutu. Ine ndinkapemphera mumtima kuti aone tepi yambiriyo achite ulesi. Sanachite ulesi. Anadula mozungulira, anatsegula chivindikiro, anayang'ana m'katimo, n'kupendeketsa kuti mnzake aone. Linali lofiira, ngati lija ndinaona pa foni.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Ndi amuna anga."

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinawauza zonse, za chifuwa, za galimoto ya maliro, za a mathiraki, za apongozi amene sakudya. Sindinalire, ndinkaopa kuti ndikalira sandimva bwino. Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatseka chitinicho pang'onopang'ono.

"Pepani kwambiri, mayi. Koma dothi la kunja sililowa. Limabwera ndi matenda a mbewu. Inu ndinu a kunyanja, nthochi zanu zinatha mukuona. Lamuloli si langa."

"Sindikadzala kanthu pamenepo. Ndikakwirira pansi, kumanda."

"Ndikumva. Koma sindingathe."

Ndinagwada pa simenti. Ndinawagwira m'mphepete mwa siketi, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu aliyense. Ndinati asandipatse lonse, anditapire supuni imodzi yokha. Ndinati ngakhale kotsina ndi zala ziwiri, ndimange pa nsonga ya chitenje, palibe adzadziwe. Anayang'ana mnzake uja. Iye anali atalemba kale pa pepala lake, ndipo analoza ndi cholembera kudenga, kumene kunali kamera. Mayiyo anawerama n'kundidzutsa ndi manja ake awiri.

"Dzukani, mayi, musatero. Amene anatumiza akanalemba zoona mwina tikanaona njira nkhaniyi isanafike pano. Koma alemba mkaka. Ndikakupatsani, ntchito yanga yatha lero."

"Mukapita nalo kuti?"

"Zolandidwa timawotcha."

"Dothi limapsa?"

Mwamuna uja anamata kapepala pa chitini n'kupita nacho kuseri kwa makatoni. Ndinachitsatira ndi maso mpaka anakhota. Mayiyo anapinda yekha zovala zonse bwinobwino, jekete pamwamba, n'kumatanso katoni.

Tili kutuluka ndinafunsa bambo wa kampani uja kuti, poti mkaka munalibe, ndalama ya mkaka ija andibwezera? Ndinalibe nayo ntchito nthawi imeneyo, sindikudziwa chimene ndinafunsira. Anati ntchito yagwirika kale, katundu watsegulidwa ndi kuonedwa. Anawonjeza kuti ndithokoze kuti sanandilipiritse chindapusa cha kunama pa pepala. Ndinathokozadi. Ndinati zikomo.

Ndinagona kwa mbale wanga ku Salima, n'kufika kwathu mawa lake chakumasana, katoni ili pamiyendo ulendo wonse. Nditatsika pamsewu ndinaona anthu atadzaza pabwalo. Anali atamva kuti ndalipira, poti ndinaimba ndili mu ofesi muja chitini chisanatsegulidwe. Kadzenje anali atakumba kale m'mawa umenewo. Nsalu yoyera inali itagulidwa. Amayi a kutchalitchi anayamba nyimbo atangondiona, ndipo ansembe anali atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango.

Ndinatula katoni patsogolo pa apongozi n'kugwada. Ndinanena mmene zinayendera. Nyimbo inazima yokha. Alamu ndiwo anayamba kulankhula.

"Malata apita, mbewu yapita, dothi palibe. Mwatibweretsera makabudula."

Apongozi sanalire, sanandiyang'ane. Anangotembenuza nkhope kuyang'ananso kumsewu, monga ankachitira masiku onse aja. Chimenecho ndi chimene chinandipweteka kuposa mawu a alamu. Ndinanyamula katoni n'kulowa nayo m'nyumba mwanga, m'chipinda mmene munali malata, pamene tsopano panali mzere wokha pa khoma.

Ndinatsegula ndili ndekha. Zovala zonse achimwene a ku Joni anali atazichapa, zinkanunkhira sopo wachilendo. Jekete lokha ndi limene linali ndi kafungo ka mwini wake m'khosi. Ndinakhala nalo kumaso kwa nthawi, panja anthu akung'ung'udza, ena atayamba kutsanzika. Kenako ndinatulutsa jombo zija m'pepala lake kuti ndiziike pambali. Pamphasa panagwa timibulu tofiira.

Jombozo sanazitsuke. Ndinazitembenuza. M'mizere ya kupansi kwake munali dothi louma, lomatirira, lofiira ngati la m'chitini lija. Kuno kwathu dothi lotero kulibe, n'kumchenga woyera. Ndinatenga lichero langa ndi msomali, n'kuyamba kukokota mzere umodzi umodzi, jombo yoyamba kenako inzake. Ndinagwedezeranso pepala lija palichero, ndi timibulu ta pamphasa ndinatola. Linali losakanikirana ndi tizidutswa ta simenti, timiyala, ndi kawaya kamodzi. Ndinapeta mofatsa monga ndimachitira ndi mpunga wosweka, n'kutola zoyera zonse ndi zala. Chotsala sichinadzaze ngakhale pakati pa chikhatho.

Ndinatuluka nalo pa lichero lomwelo. Amene anali atanyamuka anaima. Alamu anasuzumira.

"Limenelo si la pamanda. Ndi la kuntchito."

"Eya, si la pamanda. Ndalikokota ku jombo zawo. Sindikunamizani."

"Ndiye tiike matope a pa nyumba ya mzungu, tizinena kuti taika munthu?"

Mkulu wina wa m'banjamo anati mwambo umati la pamanda, iye sanamvepo za jombo. Wina anati tiimbirenso ku Joni atumize lina. Ine ndinalibenso choti n'kugulitsa, ngakhale nkhuku. Ansembe anangoyang'ana pansi, nkhaniyo sinali yawo.

Apongozi anatambasula dzanja. Ndinawayandikizira lichero. Anatsina pang'ono, anafikisa pakati pa zala, ananunkhiza.

"Jombozo ankavala yekha?"

"Ndi zawo, amayi. Zidendene zinadyeka mbali imodzi, mmene ankapondera."

"La m'chitini lija anaponda ndi anthu ena, iye atagona. Ili waponda yekha ndi mapazi ake." Anapukutira zala zawo palichero kuti pasatayike kanthu. "Bweretsani nsalu."

Alamu anaima kanthawi, kenako anapita kukatenga khasu, akung'ung'udzabe kuti zinthu za masiku ano. Nsalu inali yaikulu kwambiri poyerekeza ndi chimene tinakulungamo, tinachita kuipinda kambirimbiri. Ananyamula ndi apongozi okha, pachifuwa, mpaka kumanda. Ansembe anapemphera. Alamu ndi amene anatsitsira m'kadzenjemo, ndipo pokwirira ndinawaona akupukuta m'maso ndi phewa.

Mawa lake tinameta. Apongozi anadya mbale yonse ya kondowole ndi chambo chimene wina anabweretsa, n'kupempha madzi. Patapita masiku anandisudzula, ngakhale sindinachoke, ndikukhalabe pomwepa ndi ana.

Chaka chimenecho dambo langa ndinaliwokera mochedwa, ndi mbande zotsala za anthu amene ndinkawagwirira ganyu, ndipo mpunga sunachite bwino. Nyumba ikadali ya udzu. Za chitini chija sindinamvenso. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina chikadali pa shelefu m'chinyumba chija, ndi kapepala kake, poti sindikhulupirira kuti alipo anavutika kuyatsa moto chifukwa cha dothi. Achimwene a ku Joni sindinawauze kuti chinalandidwa. Anangomva kuti mwambo unachitika, n'kunena kuti tepi ija anamata bwino.

Pogawa katundu wa malemu, jekete anandisiyira ine. Jombo zinagwera alamu. Zimawathina, amayenda nazo motsimphina popita kutchalitchi, koma amavala.